A Chokanipo ndi Masitepe Makumi Awiri

Njanji ikafika pasiteshoni imagawika panayi. Zitatu zimakakumananso kutsogolo n'kupitiriza ulendo. Yachinayi imakhotera kumanzere, imadutsa kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, imatsetsereka pang'ono, kenako imatha. Chakumapeto kwakeko kuli chotchinga: mtanda wachitsulo wopakidwa penti yofiira, woima pa miyendo iwiri yopendekera. Bogi iliyonse ya sitima ili ndi mbale ziwiri zachitsulo pamphumi pake zogundanirana ndi inzake, ndipo mtandawo unaikidwa pa msinkhu wa mbale zimenezo. Bogi imene yalephera kuima yokha imakaima pamenepo.

Koma njanjiyo siithera pachotchinga penipeni. Imapitirira kuseri kwake masitepe makumi awiri, yadzimbiri, yosapondedwa ndi gudumu, mpaka kukakwiririka mu mulu wa mchenga. Munthu amene anayang'anira masitepe amenewa kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ndi amene anthu ankawatcha a Chokanipo.

Anabwera panjanji ali mnyamata wonyamula miyala, manja akadali ndi zikang'a za khasu. Atasamutsidwira ku njanji yachinayi anaphunzira chinthu chimodzi chimene anachisunga moyo wawo wonse. Chotchinga sichinakumbiridwe m'nthaka. Chimangopana njanji ndi nsapato zinayi zachitsulo, zomangidwa ndi mabawuti asanu ndi atatu. Bogi yolemera ikachigunda, icho chimabwerera m'mbuyo chikukhwekhwereza, n'kumadya mphamvu ya bogiyo pang'onopang'ono mpaka zonse ziime. Munthu wowakha dzira amabweza dzanja. N'chifukwa chake kuseriko kuyenera kukhala kopanda kanthu.

Ntchito yawo inkayenda ndi chaka. Mvula ikatha ankasenga udzu. M'nyengo yozizira ankapaka penti, chifukwa imauma bwino popanda kuchita matuza. Nyenje zikayamba kulira ankapala dzimbiri pa masitepe makumi awiri aja, n'kumasula mabawuti onse, kuwapukuta, ndi kuwamanganso ndi sipanala yaitali imene imalira kuti tha ikafika pa muyeso wake. Ukapitirira muyeso, chotchinga chimauma khosi. Ukaperewera, chimathawa. Zonsezi ankamaliza mvula yoyamba isanagwe, chifukwa mvula yoyamba imasakaniza fumbi ndi oyilo pamwamba pa njanji, ndipo mabuleki amagwira ngati dzanja la sopo.

Malo osesedwa bwino amaitana anthu. Amayi ankabwera kudzayanika zovala, abambo kudzasewera makadi pamthunzi wa mtanda, wina kudzamangirira mbuzi. Iwo sankakalipa. Ankangoima potero, chipewa m'manja, n'kunena kuti, "Pepani, chokanipo." Dzina linachokera pamenepo. Pa zaka zonsezo chotchingacho chinasunthapo kamodzi kokha, masitepe awiri, ndipo anzawo ankawaseka kuti kampani ikulipira mlonda wa mphepo. Iwo ankaseka nawo. Ntchitoyo inawamangira nyumba ya zipinda zitatu yoyang'ana msewu wa kumsika, inaphunzitsa ana awiri, ndipo inawabweza kunyumba ndi zala zonse khumi, chinthu chimene anzawo ambiri a panjanji sananyamuke nacho. Sankaona chifukwa chodandaulira.

Atapuma pantchito manja anakana kupuma. Anakhoma matabwa pakhonde, kuchokera pakhomo mpaka pangodya, masitepe asanu ndi awiri, n'kuyalapo njanji ya mawaya okhuthala. Mabogi anali zitini za nsomba. Magudumu anawadula kuchokera ku timitengo tokulungapo ulusi, ndipo mbale zogundanirana zinali mabatani a jekete. Timitengo ndi mabatani zinkachokera kwa mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, amene anali telala. Panali siteshoni ya makatoni, thanki ya madzi ya chitini cha mkaka, ndi njanji yachinayi yokhotera kumanzere. Kumapeto kwake anaikako kachotchinga ka mtengo wolimba, kopana mawaya ndi mapegi awiri oyanikira zovala. Zinawatengera zaka zitatu. Odutsa mumsewu ankaima n'kumayang'ana, ndipo iwo ankanamizira kuti sakuwaona.

"Anzanu akapuma amaweta nkhuku," akazi awo ankatero. "Inu mukuweta zitini."

"Zitini sizifa ndi chitopa, mayi."

Chaka chimene mwamuna wa mlamu wawo anamwalira, mwini sitolo imene mlamuyo ankasokera pakhonde pake anagulitsa malowo. Mayiyo anasowa poika makina ake. Miyezi iwiri anasokera m'chipinda chake, kumene kunalibe wodutsa. Tsiku lina m'chilimwe, mitengo itayamba kuphuka masamba ofiira mvula isanabwere, akazi awo a Chokanipo anawapatsa tiyi n'kukhala pansi osawayang'ana.

"Mng'ono wanga wapeza malo."

"Tithokoze. Kuti?"

"Kusiteshoni. Panjira yodutsa anthu otsika sitima." Anakonza nsalu pamaondo. "Akapitawo atsopano aja amulola. Musakayambe zanu zija."

A Chokanipo anamwa tiyi yense, chifukwa sankasiya chinthu m'kapu, kenako anavala chipewa.

Kachisakasako kanali ka malata asanu ndi limodzi, ndipo kanaima pamwamba penipeni pa njanji yadzimbiri, masitepe asanu ndi awiri kuseri kwa chotchinga. Anawerenga akuyenda. Mkati munali makina osokera, mwendo umodzi utachirikizidwa ndi njerwa, ndipo mayunifolomu a sukulu anali atapachikidwa pa chingwe. Pabenchi panakhala amayi awiri akudikira.

"Alamu!" anatero telalayo, mapini ali pakamwa. "Mwabwera kudzandiyesa kapena ndidzakuyeseni? Thalauzi limenelo linasokedwa musanakwatire achemwali anga."

"Likadali lolimba."

"Ngati mwini wake. Mwaona malo anga? Sabata ino yokha madiresi anayi."

Nkhope yake inali itabwerera mmene inalili kale maliro asanachitike. Mayi ameneyu ndi amene anagona pansi m'chipatala milungu itatu pamene akazi awo a Chokanipo anachitidwa opaleshoni. Mawu aja oti chokanipo, amene anawanena kwa anthu mazanamazana, kwa mayi ameneyu sanawanene. Anangoti, "Ndaona," n'kutembenukira ku chotchinga.

Chinali chopakidwa penti yatsopano, chowala kuposa mmene iwo anachisiyira. Anagwada kuti aone nsapato. Pamene chitsulo cha nsapato chimakhudza njanji panali mzere wokhuthala wa zowotcherera, mbali zonse zinayi.

"Mwaiona ntchito, madala?" Anali kapitawo, bambo wamphamvu wa zaka za m'ma makumi anayi, amene anakulira pa njanji yaikulu ya kuthengo, kumene chilichonse chogwedera ndi mdani. "Ndinapeza chikungodalira mabawuti. Ndinati pano pakhala munthu kuseri, ndiye ndachiwotcherera. Sichisunthanso ngakhale patabwera njovu."

"Mwawotcherera bwino," anatero a Chokanipo, ndipo zinali zoona. Mzerewo unali wosalala ngati msoko. "Akapitawo, Loweruka masana mudzabwere kunyumba. Ndili ndi kanthu koti ndikuonetseni."

Kunyumba akazi awo anawawerenga pankhope asanavule chipewa.

"Ndinanena."

"Sindinanene kanthu kwa iye."

"Koma munena. Zaka makumi atatu chinthu chija chasuntha kangati? Mukamuchotsa apite kuti? Adye penti yofiira?"

A Chokanipo anatuluka pakhonde n'kuyang'ana kum'mawa. Mitambo inali itayamba kuunjikana masana alionse n'kubalalika madzulo. Mvula yoyamba anaipatsa milungu itatu, mwina iwiri.

Loweruka kunatentha kwambiri moti malata ankalira okha. Kapitawo anafika atavala malaya oyera, telala anafika ndi tepi m'khosi, akuti sakhalitsa. A Chokanipo anali atachirikiza matabwa a njanji yachinayi ndi buku kuti atsetsereke. Anatenga bokosi la machesi n'kuliika kuseri kwa kachotchinga.

"Iyi ndi shopu yanu, alamu."

"Yachepa. Mulibe ndi benchi yomwe."

A Chokanipo anachotsa mapegi aja, n'kukhomera kachotchingako ku thabwa ndi misomali iwiri. "Uku ndiye kuwotcherera kwanu, akapitawo." M'chitini chimodzi anathiramo mabawuti akale mpaka chinalemera, pamwamba n'kuikapo dzira. "Uyu ndi wolumikiza mabogi, amene amaima pa sitepe ya bogi ikamabwerera m'mbuyo."

"Dzira langa limenelo," anatero akazi awo ali pakhomo.

A Chokanipo anasiya chitinicho pamwamba pa mtsetse. Chinayamba mwaulesi, chinathamanga, chinagunda. Magudumu akumbuyo ananyamuka, chitini chinadumpha mtanda n'kugwera pa bokosi la machesi. Mabawuti anamwazika pansi. Dzira linayenderera pa thabwa n'kumadontha.

Palibe anaseka. Kapitawo anawerama n'kuyang'anitsitsa kachotchingako, kamene kanali chiimire pamalo pake osasuntha.

"Chotchinga chapulumuka," anatero a Chokanipo. "Chokhacho."

Anazula misomali, anabwezera mapegi, anawongola bokosi la machesi n'kuliikanso pomwe linali. Anapempha dzira lachiwiri. Akazi awo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anakalitenga okha. Ulendo uno chitini chitagunda, kachotchinga kanabwerera m'mbuyo mapegi akulira pa mawaya, kanakankha bokosi la machesi mpaka linagwa pansi, n'kuima. Dzira linagwedera koma linakhala.

Kapitawo anatola bokosilo n'kulitembenuza m'manja. "Ndiye kuti uku ndi uku, kabokosi kakupita."

"Eya."

"Palibe anandiuzapo zimenezi, madala. Kuthengo kulibe zotchinga." Anapukuta thukuta pamphumi. "Lolemba ndipala zowotcherera zija. Koma muyeso wa mabawuti sindiudziwa."

"Sipanala yake ili kuseri kwa chitseko cha mosungira zida, ngati sanaitaye. Ndibwera."

Telala anavula tepi m'khosi n'kuikulunga pa zala pang'onopang'ono.

"Alamu, mwandionetsa mmene ndifere. Mwachita bwino. Koma simunandionetse mmene ndidyere."

Mawuwo anagwa pakhonde ngati mbale yadothi. A Chokanipo anayang'ana mayiyo, anayang'ana akazi awo, kenako anayang'ana msewu. Panali kudutsa amayi atatu ochokera kumsika, madengu pamutu, ndipo monga mwa masiku onse anachepetsa liwiro kuti aone sitima ya zitini. Kwa zaka zitatu iwo ankaona anthu akuima pamenepo, koma tsiku limeneli ndi pamene anawawerenga ngati mmene telala angawawerengere.

"Khonde lino layang'ana msewu," anatero. "Silidontha. Soketi ya magetsi ili pawindo apo."

"Nanga zidole zanuzi?"

"Zili ndi misomali. Msomali umazuka."

Akazi awo analowa m'nyumba n'kubwera ndi nsanza yopukutira dzira.

A Chokanipo anaphwasula njanji ya pakhondeyo Lamulungu masana atabwera kopemphera. Chimene anamanga zaka zitatu chinatha pa maola anayi. Mabogi anawakulunga m'nyuzipepala imodziimodzi, mawaya anawapinda, siteshoni ya makatoni inakana kulowa m'bokosi mpaka anaidula pakati. Zonse zinapita pansi pa bedi. Anasiya kachidutswa kamodzi kotalika ngati mkono, ka kumapeto kwa njanji yachinayi, n'kukaika pawindo la kuchipinda. Pakhoma la khonde panatsala mzere woyera pamene matabwa anabisa dzuwa.

Lolemba anagwiranso sipanala yaitali ija patapita zaka zinayi. Anaipeza kuseri kwa chitseko, akangaude atamangapo. Kapitawo anapala zowotcherera tsiku lonse, moto ukuthetheka, ndipo dzuwa litapendeka anamanga mabawuti asanu ndi atatu, mmodzi akukoka, wina akumvetsera. Sipanala italira kuti tha koyamba, a Chokanipo anamva ngati wina wawaitana ndi dzina la ubwana. Lachiwiri ananyamula makina osokera pa wilibala, okha, telala akuyenda pambuyo ndi mayunifolomu paphewa.

Milungu itatu telala sanachezenso nawo. Ankapereka moni wa m'mawa, waulemu wonse, wopanda nthabwala ngakhale imodzi, ndipo ulemu umenewo unkawawa kuposa chipongwe. Makasitomala a kusiteshoni sanamutsatire onse. A mumsewu ankabwera mmodzimmodzi, wina kudzapinditsa thalauzi, wina kudzaikitsa zipi. A Chokanipo analibenso pokhala. Ankatulutsa mpando pansi pa mtengo wa pabwalo n'kumayang'ana mitambo, manja ali pamaondo ngati alendo.

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi masana, ya mphepo ndi fungo la fumbi. Kusiteshoni sikunachitike kanthu. Yachiwiri inagwa, yachitatu inagwa. Udzu unamera, ngumbi zinatuluka, ndipo pamene panali kachisakasa panamera maungu ochokera ku nthanga zimene wina anataya. Kapitawo ankawazula, iwo n'kumeranso.

"Alamu," anatero telala tsiku lina, phazi likupalasa makina, "bogi yanu ija yafika? Kapena yaima panjira kugula mazira?"

A Chokanipo anaseka mpaka kutsokomola. Madzulo ake anauza akazi awo kuti, "Wayambanso kunditukwana. Tachira."

Bogi ija inafika pakati pa dzinja, chimanga chitayamba kumasula ngayaye, tsiku la mvula yamawawa imene inayamba m'mawa osaleka. Nthawi inali itangopitirira ya chakudya chamasana. Kunamveka kugunda kumodzi, kozama, kenako kulira kwa chitsulo pa chitsulo, kwakutali, kosalekeza, ngati nkhumba ikuphedwa kutsidya. A Chokanipo anaimirira pakhomo. Milomo yawo inkawerenga. Kulirako kunatsika, kunatsika, n'kuleka.

Makina osokera anali ataima. Telala anatenga ambulera, ndipo anapita awiriwo osauzana.

Anali mabogi atatu a simenti. Mabuleki anagwira, koma magudumu anangotsetsereka pa njanji yonyowa. Chotchinga chinali chitachoka pamalo pake, ndipo njanji imene inali yadzimbiri inkawala ngati mpeni wonoledwa kumene. A Chokanipo anayenda m'mbali mwake akuwerenga. Masitepe khumi ndi atatu. Mabogi onse anali chiimire pa njanji, matumba ali m'malo mwake. Wolumikiza mabogi, bambo wa ana anayi, anali atakhala pa mulu wa miyala, akuseka, fodya wosayatsa ali m'manja.

"Ndinangoti ndapita," ankauza aliyense wofika. "Koma chinandilandira ngati apongozi abwino. Pang'onopang'ono."

Kapitawo anabwera mvula ikutsika m'chipewa. Anagwira dzanja la a Chokanipo ndi manja awiri, n'kupita kukaimba foni.

A Chokanipo anagwada pafupi ndi nsapato imodzi. Madontho ankagwerapo n'kusanduka nthunzi. Anadikira pang'ono, kenako anaikapo chikhatho. Chitsulocho chinali chofunda ngati msana wa ng'ombe yochokera kolima. Zaka makumi atatu ndi chimodzi za udzu, penti ndi dzimbiri zinali zitagwira ntchito yake pa mphindi yosakwana imodzi, ndipo zinakwanira. "Zikomo," anatero motsitsa, ndipo sanadziwe bwinobwino ngati akuuza chitsulocho, kapena amene anawaphunzitsa kalekale, kapena Mwini mvula.

Atadzuka anaona mlamu wawo ataima pa sitepe yachisanu ndi chiwiri, pambali pa bogi yoyamba. Ankayang'ana pansi pa magudumu. Njerwa imene inkachirikiza mwendo wa makina ake, imene anaiiwala tsiku losamuka, inali itasanduka ufa wofiira, ndipo mvula inkauchotsa pang'onopang'ono. Anaima choncho nthawi yaitali, ambulera itapendekera kumbali, phewa likunyowa. Pobwerera anawafunditsa ambulerayo a Chokanipo njira yonse, ngakhale kuti anali atanyowa kale.

M'mawa mwake kunacha kowala, nthaka ikufuka nthunzi. A Chokanipo atatuluka ndi mpando wawo anapeza tebulo la makina litasunthidwira kungodya, benchi ya makasitomala itatembenuzidwa, ndipo theka la khoma lija la mzere woyera linali lopanda kanthu. Pawindo panali kathumba ka pepala. Munali timitengo ta ulusi khumi ndi tiwiri ndi mabatani a jekete odzaza dzanja.

"Ulusi unatha pa timeneto," anatero telala osadzutsa mutu. "Ndimati nditaye."

"Musataye."

"Masitepe atatu okha, alamu. Kuyambira pakhomo mpaka pamsomali uwo. Ndayeza ndi tepi."

"Atatu akwana. Njanji yachinayi ndi yaifupi."

Akazi awo anatulutsa okha makatoni pansi pa bedi, akudandaula za fumbi ndi za mazira awiri amene mpaka lero palibe anawabweza, ngakhale kuti losweka linali limodzi. A Chokanipo anakatenga kachidutswa ka pawindo la kuchipinda, chifukwa njanji imayambira kumangidwa kumene idzathere. Anayesa thabwa, anabwerera m'mbuyo kuti aone ngati lawongoka, n'kuika katoni ya mabogi pansi, pafupi ndi phazi la makina.

Telala anasiya kupalasa. Anayang'ana katoniyo, anayang'ana msomali wa malire, n'kuchotsa pini pakamwa.

"Pepani, alamu," anatero. "Chokanipo."

A Chokanipo ananyamula katoniyo n'kuisuntha.